Tsiku Limene Boti Linakana Kukhota

Boti linkathamangira m'bango, koma amuna anga, a Jairus, anali duu, atalumanitsa mano, manja onse awiri ali pa chiwongolero. Ndinkayesa ndi masewera awo akale aja, olimba mtima mpaka pafupi kenako n'kukhota mwadzidzidzi kuti ine ndikuwe. Sanakhote. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo itatupa, phewa likunjenjemera, chiwongolero chikungosuntha pang'ono ngati chitseko chotupa ndi mvula.

"Bambo a Bupe, bango!"

Anazimitsa injini. Boti linapitirira ndi liwiro lotsala, n'kukadzibaya m'bango kuti tswaa, timbalame tikubalalika pamwamba pathu. Palibe amene anavulala. Basiketi yanga yokha ndiyo inagudubuzika, mabanzi ndi malalanje mbwee pansi.

Limenelo linali tsiku lathu loyamba kubwerera pa damu chidwalire a Jairus. Sitiroko inawagwetsa chaka chapitacho, atangopuma kumene ntchito ku mgodi kuno ku Kitwe. Inawasiya ndi mwendo wokoka, pakamwa popendekera pang'ono, ndi dzanja lamanzere lofooka. Mwendo unabwerera msanga. Dzanja linkabwera mwaulesi, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde akufinya kampira kamene anawapatsa kuchipatala, maso ali pa boti lawo lofunditsidwa lona pansi pa mtengo wa mapeyala. Botilo analigula kalekale kwa mnzawo wa ku mgodi amene ankabwerera kwawo ku Joni. Silinali ngati maboti ena okhala ndi mapiko ozungulira pansi pa madzi. Limeneli limayamwa madzi kunsi n'kuwalavula mwamphamvu kumbuyo kudzera pa chimlomo chachitsulo, ndipo chimlomocho chikapotokera uku kapena uko, boti limakhota.

Evaristo, wosamalira maboti pa damupo, anabwera ndi kabwato kake kudzatikoka.

"Ba Jairus, chachitika n'chiyani, mukwai? Injini?" anafunsa ndi mawu aulemu a kuno.

"Injini ilibe mlandu," anatero amuna anga, akuyang'ana manja awo. Evaristo anatikoka mpaka kumtunda. Ine ndikubweza galimoto kuti tikweze boti pa ngolo yake, ndinawamva akuuza Evaristo ndi mawu otsika: "Ukamva munthu wofuna boti, umupatse nambala yanga."

Tinabwerera kwathu ku Nkana West. Titalowa pageti, anangoti, "Zatha, amake Bupe. Manja apita."

Masiku otsatirawo kampira kaja kanakhala pawindo, osakhudzidwa. A Jairus ankadzuka mochedwa, kudya pang'ono, n'kukhala pa mpando moyang'ana khoma. Lamlungu anakana kupita kutchalitchi, munthu amene ngakhale ali ndi ndodo sankajomba. Mwana wathu Bupe, amene amakhala ku Kanini ku Ndola, anaimba foni n'kusangalala atamva za kugulitsa.

"Amami, musawaletse. Tsiku lina boti limenelo lidzawamiza. Inunso simunalikondepo chiyambire."

Sananame. Ine madzi ndimawaopa, ndipo kwa zaka zambiri boti limenelo linkandilanda mwamuna Loweruka lililonse. Ndinkakwera mwa apo ndi apo, nditagwiritsa mpando, ndikupemphera chamumtima. Komabe nditayang'ana a Jairus pa mpando paja, ndinaona kuti chimene chinali kugulitsidwa si boti lokha.

Lachinayi masana ndinakwera m'botimo kuti ndichotse majekete oyandamitsa ndi kusesa, wogula asadzatiyese anthu auve. Nditamaliza kusesa pansi pa mipando, mawondo anandikanika, ndipo ndinagwira chiwongolero kuti ndidzukire. Ndinachikoka ndi thupi langa lonse, ine mayi wonenepa ndithu, koma sichinapotoke. Ndinaimirira bwinobwino n'kuchigwira ndi manja awiri. Ndinakankha kumanja, ndinakankha kumanzere. Chinalira kuti kwii, n'kusuntha mwina kutalika kwa chala.

Manja anga awa amakanda ufa wa mabanzi a mpingo wonse. Sanadwalepo.

"Bambo a Bupe! Tabwerani kuno."

Anatuluka pang'onopang'ono, atavala masilipasi.

"Chiwongolerochi n'cholimba. Inenso chandikanika."

"Musandinyengerere ngati mwana, amake Bupe. Ndikudziwa chimene mukuchita."

"Ine ndinayamba liti kunama chifukwa cha boti limeneli? Likanapsa ndi moto ndikanaphika mpunga. Ndikuti n'cholimba. Ndipo tandiuzani, tsiku lija munagwira ndi manja awiri. Lamanzere tikudziwa. Nanga lamanja linalephera bwanji, poti silinadwale?"

Anatsamira ngolo ya boti. Pamene anayankha, mawu awo anali aang'ono kwambiri moti ndinachita kuwerama.

"Ndiye chimene chandisowetsa tulo. Adokotala ananena kuti matendawa amatha kubweranso. Nditaona kuti lamanjanso likukanika, ndinati basi, yayamba mbali inayi. Ndimangodikira."

Sabata yonse munthu ankadikira kugwa, ali chete, ine ndikumuikira tiyi patsogolo osadziwa kanthu. Ndinafuna kuwakalipira, ndinafunanso kulira. M'malo mwake ndinatsika, n'kuwaikira kampando kuti akwererepo, ndipo anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanja boti lili pouma, mtima uli m'malo. Anakankha. Anakankhanso. Kenako anapendeketsa mutu monga ankachitira akamamvetsera makina.

"Ichi si chiwongolero changa," anatero. "Changa chimazungulira ndi chala chimodzi. Katengeni bokosi la zitsulo m'galaja."

Ndinawaikira mpando kumbuyo kwa boti, pamthunzi, ndipo ine ndinamanga chitenje chakale n'kugwada pa katoni. Anandionetsa kebulo, chingwe chachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki chimene chimachoka pa chiwongolero, n'kudutsa m'mbali mwa boti, kudzagwira chimlomo chija.

"Vuto likhoza kukhala kutsogolo pa chiwongolero penipenipo, kapena m'kebulomu, kapena pamlomo pano. Zonse zikagwirana sungadziwe wolakwa. Tizilekanitse. Tengani sipanala ya fotini."

"Fotini ndi iti?"

"Yalembedwa, mayi. Munali mphunzitsi inu."

Nati yogwira kebulo inamasuka nditapuma kawiri. Kebulo itangolekana ndi chimlomo, anandituma kutsogolo.

"Pempherani kuti isakhale kebulo," anatero ndikukwera. "Ikakhala imeneyo, ya boti ili sipezeka kuno. Tidzadikira mpaka mvula."

Ndinagwira chiwongolero nditakonzeka kulimbana nacho, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa chifukwa chinangozungulira chokha, pepuu, ngati gudumu la njinga.

"Chikuyenda! Bambo a Bupe, chikuyenda!"

"Ndikuona, kebulo ikutuluka ndi kulowa bwinobwino kuno. Ndiye kuti kutsogolo kulibe mlandu, kebulonso ilibe mlandu. Bwerani timuone mkuluyu."

Chimlomo chija chimayenera kugwedezeka ndi dzanja ngati mutu wa munthu wokana. Ndinachikankha, osasuntha. Chimazungulira pa mabauti awiri, lina pamwamba, lina pansi, ndipo a Jairus atapala pamenepo ndi sikuludiraiva panagwa zinthu zoyera ngati mchere, zosakanizika ndi mchenga ndi girisi wakale wouma gwa.

"Dzinja lonse lija madzi ankadontha pa lona n'kumalowa apa," anatero. "Ine ndili gone m'nyumba, nalonso linkauma mfundo kunja kuno."

Tinathirapo mafuta omasulira dzimbiri n'kusiya kuti alowerere mpaka m'mawa. Madzulo amenewo anadya chakudya chonse, n'kupempha china.

M'mawa mwake bauti lapamwamba linatuluka mosavuta. Lapansi ndilo linatisautsa. Ndikapotoza mutu wake, nati ya kuseri inkazungulira nawo limodzi. Pankafunika munthu wogwira natiyo ndi sipanala ina, ndipo malo ake anali opanikiza, kumanzere, pamene dzanja lamanja silikanafika munthu atagwada mbali imene a Jairus akanatha kugwada.

"Ndikaitane Ronnie wa pa nyumba yachiwiriyo?" ndinafunsa.

"Ronnie ali kuntchito." Anatsika pampando, n'kugwada movutikira pambali panga. Anatenga sipanala ndi dzanja lamanja, n'kuiika m'dzanja lamanzere, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi. "Kokani."

Ndinakoka. Sipanala yawo inapulumuka n'kugwa pa simenti kuti ngwee. Anaitola. Ndinakokanso, inapulumukanso, ndipo ulendo uno ine ndinakadzigunda chala pa chitsulo mpaka magazi.

"Tisiye, bambo. Tidikire Ronnie."

"Amake Bupe, kokani pang'onopang'ono, musachite kudzidzimutsa. Ndikakuuzani."

Anapuma mozama. Ndinaona zala zija zikuyera pogwira, mkono wonse ukunjenjemera mpaka m'phewa, thukuta likutsikira pa chibwano.

"Tsopano."

Ndinakoka ngati ndikukama. Kwa kanthawi palibe chimene chinachitika. Kenako bauti linalira kuti the, n'kuyamba kuyenda. Sipanala ya a Jairus inali pamalo pake.

Sitinayang'anane. Iwo anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale ngati mwana, akupumira m'mwamba, dzanja lija atalikhazika pa bondo. Ine ndinayamwa chala changa chovulala n'kumayang'ana mapeyala.

Zotsalazo zinali zopepuka. Tinatsuka mabauti ndi mabowo ake ndi parafini, tinapala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinawala, tinapaka girisi watsopano wosasungunuka ndi madzi. Titabwezeretsa zonse n'kulumikiza kebulo, anandiuza kuti ndikazungulitse chiwongolero iwo akuyang'ana kumbuyo. Ndinamva akuseka okha.

"Mukuseka chiyani?"

"Chimlomochi chikupukusa mutu ngati mkulu wa mpingo wokana kwaya ya achinyamata."

Loweruka tinabwerera ku damu. Bupe nditamuuza pa foni anadandaula, koma atamva mawu a bambo ake akufunsa kumene ndaika chipewa chawo, anangoti, "Avale jekete, Amami. Nonse awiri." Evaristo anatithamangira tisanatsike n'komwe m'galimoto.

"Ba Jairus, wogula ndamupeza, mukwai. Bwana wina wa ku Ndola. Akuti abwera mawa."

"Umuuze kuti mwini wake wasintha maganizo. Makaniko wanga wakana."

"Makaniko uti?"

A Jairus analoza ine ndi chibwano. Evaristo anayang'ana chala changa chomangidwa pulasitala, n'kuvula kapusi.

Kunali kozizira pang'ono, kumwamba kuli mbee, madzi ali bata. Poyamba anayendetsa pang'onopang'ono, kutsata gombe, akuyesa kumanja, akuyesa kumanzere. Sindinganame kuti dzanja lija linachira tsiku limenelo. Pokhotera kumanzere linkachedwa, ndipo lamanja ndilo linkagwira ntchito yaikulu. Koma linali pa chiwongolero, ndipo boti linkapita kumene iwo afuna.

Titafika pakati pa damu, anandiyang'ana cham'mbali.

"Gwiritsani mpando, amake Bupe. Boti limeneli silikhota ukaliopa, limafuna moto."

"Bambo a Bupe, musayerekeze. Tsitsi ili ndakonzetsa dzulo, mawa ndi Mgonero."

Anaponda moto. Mphuno ya boti inadzuka, mphepo inandilanda mawu, ndipo kenako anapotoza chiwongolero chonse. Dziko linazungulira, mitengo ya kutsidya, mulu wa miyala ya mgodi, thambo, zonse pamodzi, ndipo chimadzi chinadzuka kumbali n'kutikhuthukira tonse awiri kuti khwaa. Ndinakuwa mpaka Evaristo anamva kumtunda.

Anazimitsa injini. Boti linatsala likuyendayenda pa mafunde ake omwe, ndipo m'chete umenewo ndinamva a Jairus akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene sindinakumve chiwagwetsereni matenda. Ine ndinali chinyowere, tsitsi litagona, madzi akutsikira m'khosi, magalasi anga odzaza madontho moti mwamuna wanga ndinkangomuona ngati chithunzithunzi.

"Taonani zimene mwachita," ndinatero. "Sindikuona n'komwe."

"Bweretsani kuno."

Anandivula magalasi ndi dzanja lamanja. Lamanzere linapita m'thumba la malaya, linafufuza, linaphonya, linafufuzanso mpaka linatuluka ndi kampango. Linayamba kupukuta galasi limodzi, mozungulira, pang'onopang'ono, likunjenjemera. Manja anga ananyamuka okha kuti athandize, monga anazolowera chaka chonse pa mabatani ndi zingwe za nsapato. Ndinawabweza n'kuwakhalira.

Boti linkatengeka pang'ono ndi kamphepo, madzi akugunda m'mbali mwake. Ine ndinakhala pomwepo, maso ali mbuu, ndikudikira kuti amalize galasi lachiwiri.