Chigongono pa Chithunzi

Lachiwiri loyamba la mwezi watha, mlamu wawo wa a Mawaya, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, anawadula pa chithunzi n'kudzilemba yekha kuti ndiye mwini wailesi.

A Mawaya akhala akukonza mawailesi zaka makumi atatu m'kashopu ka zipinda ziwiri, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, poti ngakhale m'thumba la malaya awo mumasuzumira waya. Wailesi ya pa intanetiyo inabadwira m'chipinda chawo chakumbuyo. Makina osakanizira mawu anawatola atafa, n'kulimbana nawo masiku asanu ndi anayi mpaka anatsokomola. Maikolofoni anaimangirira pa mwendo wa fani yakale. Makoma anawamata ndi mathileyi a mazira kuti phokoso la wometa lisalowe. Nanga mlamu anabweretsa chiyani? Pakamwa ndi jekete.

Tsiku lotsegula tsamba la wailesiyo pa masamba a mchezo, mlamu anatulutsa foni.

"Alamu, tilembetse pa nambala yanu. Zida ndi zanu."

"Nambala yanga pa intaneti? Kuti akuba a dziko lonse adziwe pomwe ndimagona? Ikani yanu."

Anaikadi yake. Lero a Mawaya akakumbukira amati munthuyo anafunsa dala, akudziwa kuti akana.

Chithunzi anajambula ndi wometa. Anaima awiri, mlamu atavala zomvera m'makutu, a Mawaya atatsamira tebulo la makina. Patapita masiku atatu wometa yemweyo analowa m'shopu akuseka, lumo lili m'manja.

"Mdala, chigongono chanu chatchuka!"

Anawaonetsa foni. M'kabwalo kozungulira munali mlamu, mano onse panja. Cham'mphepete munatsala chigongono, chipsera cha chitsulo chowotcherera chikuoneka bwinobwino. Pansi pake panalembedwa kuti: Woyambitsa ndi mwini wake.

Kuyambira pamenepo mlamu sanapume. M'mawa kakanema, masana kakanema, uku akuchonderera kuti amene waona atumizireko anzake asanu. Wotumizira ambiri ankamutchula dzina pa wailesi. Otsatira tsambalo anafika zikwi zitatu. A Mawaya sadziwa bwino kuwerenga zilembo zing'onozing'ono, koma timitima tofiira tomwe anthu ankaponya pansi pa jekete lija ankatiwerenga popanda magalasi. Tsiku lina kunabwera mayi wina wonunkhira, n'kusuzumira pakauntala.

"Ndi pano pa wailesi ya bwana aja? Inu ndinu alonda?"

Madzulo ake, mlamu atangovula zomvera m'makutu, anapeza a Mawaya ataima pakhomo la chipinda.

"Thupi langa lonse lili kuti?"

"Aa, alamu, si ine. Malo a chithunzi ndi ozungulira, anthu awiri sakwanamo."

"Nanga mawu aja nawonso ndi ozungulira?"

Mlamu anaseka n'kuwasisita paphewa. "Anthu amatsata nkhope imodzi, alamu. Ziwiri zimawasokoneza. Tikonza, musade nkhawa."

Sabata inatha osakonza. Mlongo wawo atamudandaulira anangoti, "Achimwene, mwakula. Mukulimbirana chithunzi ngati ana?"

Njira yothetsera zonse a Mawaya ankaidziwa. Kuseri kwa makina kunali kawaya kofiira komwe akanangokadula, wailesi yonse ikanakhala chete, ndipo palibe wina m'tauni akanakapeza. Lachisanu anagwada kuseriko, pulayala ili m'manja. Makinawo anali ofunda, akung'ung'udza pansipansi ngati mwana wakhuta. Masiku asanu ndi anayi aja anawabwerera m'zala. Anapukuta fumbi ndi malaya n'kudzuka.

M'malo mwake anaganiza zouza dziko choonadi. Iwo tsamba alibe, choncho pa nthawi ya chakudya chamasana anatenga foni ya akazi awo, mayiwo ali kubafa. Pa tsamba la wailesi analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja: Wailesi iyi ndinayambisa ndine. Uyu ndi wapakamwa cabe. Cigongono ico ndi canga.

Sanadziwe kuti mawuwo atuluka pansi pa nkhope ya mwini foni. Anatuluka pansi pa chithunzi cha mayi wonenepa bwino, wa duku lamaluwa, atanyamula mdzukulu.

Anthu anafa nazo ndi phwete. Wina analemba kuti, "Amayi ayaka moto!" Wina anati, "Tionetseni chigongono chinacho tifananize." Pasanathe ola mlamu anayankha: "Zikomo mayi athu. Omvera okhulupirika ngati inu ndiwo eni wailesi. Tonse ndife eni ake!" Yankho limenelo lokha linalandira timitima mazana awiri, ndipo tsikulo otsatira anawonjezeka kuposa masiku onse.

Akazi awo anazimva kwa mnzawo wa kumsika. Anafika pashopu foni ili m'mwamba.

"Bambo, mwandisandutsa choseketsa pa ukalamba wanga! Ngati muli ndi mawu, tsegulani tsamba lanu."

"Ndi nambala yanga? Kuti andibere?"

"Akuberani kale, nambala muli nayo m'thumba."

Wosoka nsapato, yemwe ankamvetsera kuseri kwa khoma, anatsokomola mokayikitsa.

M'mawa mwake makina anayamba kulira ngati njuchi pulogalamu ili pakati. Mlamu anatulutsa mutu pakhomo.

"Alamu, tathamangani! Anthu akudandaula."

A Mawaya anakhala kaye pampando, akuyang'ana msewu. Kenako anatenga chitsulo chowotcherera, analowa, anagwada kuseri kwa tebulo. Phokoso linatha. Pamwamba pa mutu wawo mlamu anapepesa omvera, nati vutolo walikonza.

Chithunzi chija chikadali pomwepo. Mlamu ali pakati, chigongono chili m'mphepete, ndipo pansi pake palembedwa kuti: Woyambitsa ndi mwini wake.