Bondo la Luckson

Ku Nyampande, munthu akatupa mfundo ankapita kwa amai Consolata Lungu, amene dzanja lawo linali lodziwika potema mphini. M'mawa wina kunafika Luckson, mlimi wa tomato, akutsimphina, lezala yatsopano ili m'thumba la malaya. Bondo lake linali ngati dzungu, chonsecho anangoligunda pang'ono pangolo.

"Amai, temani magazi oipawa atuluke. Tomato akuolela m'dimba."

Amai Consolata anakhudza bondolo, nalimva kutentha. Analandila lezala ija, naimangilila pansonga ya chitenje.

"Iwe sindikutema."

"Kodi maso atha? Nenani, ndikakubwelekeleni magalasi a abusa."

"Maso omwewa anaona amalume ako a Whiteson, iwe uli kumsana. Anazulitsa dzino pamudzi. Magazi analeka masana, madzulo n'kuyambanso, mpaka masiku atatu. Ndine ndinawapelekeza kuchipatala, koma tinafika mochedwa. Zimene ananena dokotala ndinazisunga. Tandiuza, mzele wa madzi ukabooka m'dimba mwako, umatani?"

"Ndimaponyapo zibuma."

"Basi?"

"Ndimakhoma zikhomo n'kumanga ndi luzi, apo ayi madzi amakokolola zonse."

"Magazinso ndi momwemo. Muli tizigawo ting'onoting'ono tothamangila pabala n'kutseka ngati zibuma zakozo. Pambuyo pake zinthu zina za m'magazi momwemo zimadzutsana, china kuitana chinzake, mpaka zitaluka ulusi womanga chotsekacho. Mwa amalume ako chimodzi mwa zinthuzo chinali chopelewela. Zibuma zinalipo, luzi panalibe. Ndipo matendawa amatsata bele, monga umachitila ufumu wathu. Iwe mfundo zako zakhala zikutupa chiyambile kukwawa. Ndikakutema lelo, mailo tidzakunyamula."

Luckson anayang'ana bondo lake. Nthabwala zinali zitamuthela.

"Nanga tomato?"

"Tomato alibe amalume. Uza mkazi wako akukweze panjinga mpaka pamseu."

Luckson anabwelako kuchipatala cha ku Petauke patapita masiku asanu ndi atatu, bondo litaphwa. Madokotala anatumiza magazi ake kukapimidwa, ndipo zinapezeka monga ananenela amai aja. Anamubaya mankhwala obwezela chopelewelacho, namupatsa khadi loyenda nalo kulikonse. Tomato wambili anali ataola.

"Amai, bwezani lezala yanga, ndimete ndevu."

Amai Consolata sanamasule nsonga ya chitenje ija.

"Sunga ndevuzo, mwanangu. Zikukukhala."