Ufa M'nsapato za Fidelis

A Titus anatulutsa nsapato zija m'pulasitiki ya kuchipatala n'kuziika pakati pa mphasa, zitaloza kwa mlamu wawo.

"Tiuzeni, mlamu. Dzulo taika munthu m'manda. Lero tikufuna timve mmene anafera."

Mipando inali idakali panja pansi pa tenti, monga zikhalira pamaliro, ndipo chipinda chochezera cha nyumba ya m'komboni ya Linda chinkaoneka chachikulu kuposa mmene Harriet ankachidziwira. Ankachidziwa bwino ndithu. Zaka ziwiri chimalizireni kukoleji, ankagona momwemo kuseri kwa mpando wautali, satifiketi yake ili pansi pa matiresi kuti isapindike. Womwalirayo, Fidelis, anali mlongo wake. A Titus anali mkulu wa onse, ndipo anafika kuchokera ku Chipata atakhala m'basi masiku awiri, nthawi yokwanira kuweruza mlandu asanaumve.

Zimene aliyense ankadziwa zinali izi. Fidelis ankagwira ntchito kufakitale ya mabulangete, koma m'tauni ankamudziwa ndi kuthamanga. Pa chikondwerero cha ufulu chaka chimenecho analembetsa mipikisano itatu. Lachisanu anayamba kunjenjemera. Loweruka m'mawa anathamanga makilomita khumi kuzungulira komboni ya Malota, anakhala wachinayi, anamupatsa ketulo. Masana anathamangira fakitale pa mpikisano wopatsirana kamtengo, kenako anakasanza kuseri kwa bwalo. Lamulungu kunali mpikisano wautali, wopita ku mathithi n'kubwerera. Anagwa pobwerera, dzuwa la Okutobala litakwera, ndipo galimoto inafika naye kuchipatala atapita kale.

"Munthu wa malungo," anapitiriza a Titus. "Mipikisano itatu m'masiku awiri. Kwathu ngakhale ng'ombe yolima timaimasula masana. Inu munali kuti?"

Namasiku, mkazi wa Fidelis, anakhala atatambasula miyendo, duku lakuda kumutu. Mawu anali atamuthera ndi kulira.

"Ninabauza kuti osayenda. Ninabisa na nsapato."

"Munabisa? Nanga izi a chipatala anavula kumapazi kwa yani?"

A Titus anasendera pafupi.

"Anthu oyandikana nanu anamva phokoso muno Loweruka madzulo. Munkakangana chiyani? Ketulo imodzi inakucheperani?"

Azakhali, amene anabwera limodzi ndi a Titus, anang'ung'udza movomereza. A Titus anapukuta thukuta ndi mpango, n'kunena zimene anabwera nazo m'basi.

"Nyumba ino ndi ya mwana wa kwathu. Mlamu abwerere kwawo ku Sesheke ndi zimene anabwera nazo. Pano asunga Harriet."

Harriet anaona chipinda chogona chija m'maganizo mwake: chitseko chotseka ndi kiyi, zenera loyang'ana ku mtengo wa mango, pakona pamene tebulo lingakwane. Anaziona zonse asanadziletse, ndipo anachita manyazi. Kuti zikhale zake, ankangofunika kukhala chete, chinthu chimene anali atachichita bwino kwa masiku anayi.

Lamulungu lija m'mawa, Namasiku anali atapita kumpopi, chifukwa madzi ku Linda ankatuluka m'bandakucha mokha. Harriet anadzidzimuka ndi phokoso la masutikesi. Fidelis anali atavala kale kabudula, nambala ili pachifuwa, akufufuza pansi pa bedi wopanda nsapato. Milomo yake inali youma ngati khungwa.

"Harriet, iwe unaona. Zili kuti?"

Anaonadi. Dzulo lake, mkangano utatha, Namasiku anazikankhira pansi penipeni m'thumba la ufa.

"Ba Fidelis, ndimwe odwala."

"Ba Muleya banyamuka kudala ku Malota. Manje bali pa positi ofesi na ntambo yao. Bazaimilira paja mpaka zuba ingene. Ndani azabauza? Iwe?"

A Muleya ndi amene anaphunzitsa Fidelis kuthamanga ali mnyamata. Maso awo anafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo chiyambire pamenepo, mpikisano wa ku mathithi ankathamanga awiriwiri, atamangana pamkono ndi kachingwe kafupi. Fidelis sankapambananso mpikisano umenewo. Zoti akhoza kuusiya sankazimva n'komwe.

"Sinizathamanga maningi," anatero. "Ba Muleya ni madala. Tizayenda monga tili pa ukwati."

Harriet anaseka. Zimenezo ndi zimene zinkamupweteka kwambiri tsopano, kuti anaseka. Anamasula thumba, n'kupisa mkono mpaka m'chigongono. Fidelis anakutumulira nsapato zija panyuzipepala, anabwezera ufawo m'thumba, n'kumanga mmene analimangira mkazi wake. Namasiku atabwera ndi ndowa pamutu, anayang'ana thumba, anayang'ana chigongono choyera cha Harriet, anatula ndowa. Sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo mpaka pano anali asananene.

A Titus anatola nsapato imodzi kuti aibwezere m'pulasitiki. Kachikopa ka m'kati kanasuntha, ndipo pamphasa panagwa kafumbi koyera.

Azakhali anakoka miyendo yawo.

"Ichi n'chiyani?" A Titus anagogoda nsapato inayo. Namonso munatuluka koyera komweko.

"Ni unga," anatero Namasiku.

"Ufa? Ndani amathira ufa m'nsapato za mwamuna wake? Mukundiyesa mwana ine?"

"Mayo, mwana wa mlongo wanga!" Azakhali anagwira kumutu. "Anamuthirira kumapazi kuti azingothamanga mpaka afe. Tinanena ife za kukwatira kutali!"

"Ndiye iyi si nkhani ya nyumba yokha," anatero a Titus, mawu atatsika. "Itanani anthu ali panjawo. Abwere adzaone okha."

Harriet ankadziwa zotsatira zake. Pofika madzulo Linda yense akanamva. Kumpopi anthu akanachotsa ndowa zawo pafupi ndi ya Namasiku, ndipo mbiriyo ikanakafika ku Sesheke iye asanakwere basi. Anayang'ana mlamu wake. Namasiku ankangoyang'ana zala zake za kumapazi. Ngakhale apa, sanatembenukire kwa iye.

Harriet anayenda chogwada mpaka pakati pa mphasa. Anatsina kafumbi kaja n'kukaika palilime. Kanali kamchere. Anazindikira kuti mcherewo unali thukuta la mlongo wake, koma anameza.

"Iwe, lavula!" anakuwa azakhali.

"Ni unga, ba Titus. Ba mulamu banabisa nsapato mu saka ya unga kuti ba Fidelis basayende. Ndine ninazichosa. Ndine ninabapasa."

A Titus anatembenukira kwa iye.

"Iwe? Ukuona kuti akudwala?"

"Ee."

"Ndi sukulu yako yonse ija?"

"Ee."

Anaika nsapato pansi pang'onopang'ono. Sanapepese kwa mlamu wawo. A Titus sanali munthu wodziwa kumene mawu otero amasungidwa. Anangodzuka, mawondo akulira.

"Mlamu akhale m'nyumba mwake. Iwe, amayi kumudzi ukawauze wekha. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezi."

Anatuluka, azakhali pambuyo. Podutsa, azakhaliwo anakoka chitenje chawo kuti chisakhudze Harriet.

Anatsala awiri, ndi nsapato pakati pawo. Lilime la Harriet linali lidakali ndi mchere uja.

"Odi muno."

Pakhomo panaima a Muleya, dzanja limodzi likupapasa mphuthu. Masiku onse a maliro ankabwera m'mawa n'kukhala kumapeto kwa tenti, pansi pa zenera, chipewa chili pabondo. Harriet anadzuka, anawagwira mkono, n'kuwakhazika pamphasa.

"Nenze kuyembekeza kuti munifunse," anatero. "Ine ndine nenze naye. Koma munthu alibe menso, bantu baganiza kuti palibe chamene anaona."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachingwe kabuluu, kakuda ndi thukuta la zaka.

"Titazunguluka ku mathithi, ninamvera ntambo yayamba kulema. Ninati, mwana wanga, tiime. Akuti iyayi ba kochi, tasala pafupi. Ninamumvera, na ine nenze kufuna kusiliza." Anakazunguliza kachingweko pa zala. "Enze akali kuniuza njira. Mugodi kumanja. Mwala. Njinga ibwera. Mau yenze kuchepa, koma sanaphonye olo mwala umozi."

Namasiku anadzutsa mutu koyamba m'mawa wonsewo.

"Manje anaima. Ananichosa pa tala, ananipeleka pambali. Anatenga kwanja yanga, anaiika pa nsimbi ya chikwangwani. Akuti, gwilani apa ba kochi, osasiya, pali mamotoka. Ninamvera amasula ntambo ku kwanja yake. Tuminwe twenze kunjenjema, anachedwa nayo maningi. Ninamvera mapazi, yatatu, yanayi. Ndiye pamene anagwa, mu udzu."

A Muleya anatambasula dzanja, osadziwa bwino kumene kunali mkazi wamasiyeyo.

"Sanafune kunigwesa."

Namasiku analandira kachingweko. Anakatembenuza m'manja. Kenako anasendera pang'ono pamphasa, osayang'ana munthu, n'kusiya malo okwana munthu mmodzi pambali pake. Harriet anakhala pamenepo.

Mbali imodzi ya chingwe inali idakali yomanga, kukula kwake ngati mkono wa a Muleya. Mbali inayo inali yomasula bwinobwino, yosaduka, yongopindika pamene panali mfundo.