Chibwenzi cha Pamasitepe

Amuna anga ndinkawadziwa kuti afika ndisanawaone. Timakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chinafa ife tisanasamukiremo, ndiye aliyense amakwera ndi miyendo yake. Iwo akangolowa pakhomo la pansi madzulo, chifuwa chinkayamba: khoo, khoo, kenako zii, akupumula atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe. Akafika pokhotera pena, khoo kachiwiri. Ine ndinkatereka madzi a tiyi ndikamva chifuwa choyamba, ndipo ankawira iwo asanagwire chitseko. Anthu a m'nyumba yonse ankawatcha a Chumuni, iwo n'kumavomera ngati dzina la makolo.

Ntchito yawo ndi yopenta nyumba. Fodya anayamba ali mnyamata, ati pofuna kupha fungo la penti kukhosi. Fungolo linafadi, koma linafa pamodzi ndi mpweya wawo.

Chaka chatha ndinaterereka kuntchito. Ndimasita zovala kumalo ochapira, ndipo pansi pamakhala ponyowa. Bondo linatupa ngati dzungu. Galimoto itatisiya pakhomo la pansi, bambo anagwada n'kunena kuti, "Bwerani, mayi, ndikuberekeni." Sitinafike n'komwe pokhotera poyamba. Anakhala pansi ine ndili kumsana, milomo itatuwa, m'chifuwa mukulira mluzu. Amene anandinyamula ndi wometa tsitsi wa pansi, chibambo cha mapewa ngati chitseko. Amuna anga ankabwera pambuyo atanyamula nsapato zanga, anthu akusuzumira m'makomo. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima, ndipo sindikudziwa chimene chinali chachikulu.

M'mawa mwake kuchipatala tinali odwala awiri. Adokotala atamvetsera chifuwa chawo sanazungulire. Anati akapitiriza kusuta, asiya kaye makwerero a kuntchito, kenako masitepe a kunyumba, kenako zotsalazo.

Analonjeza kusiya. Koma sikanali koyamba. Ulendo wina analumbira mpaka misozi, ine n'kudzapeza ndudu m'chitini cha penti chimene ankati n'chouma. Ndiye ndinawauza kuti, "Kusuta ndi moyo wanu, koma kunamizidwa ndi moyo wanga. Mukandinamizanso ndinyamuka." Sindinkaopseza.

Masabata oyambawo m'nyumba simunkakhalika. Ankakalipira supuni, ankakalipira wailesi, anatafuna chogwirira cha burashi mpaka chinatha mbali imodzi. Chakudya ankachisesa chonse, ngakhale chimene ndasungira m'mawa. Chifuwa nacho chinakula m'malo mochepa, anamwino n'kutiuza kuti ndi mapapo akusesa m'nyumba mwawo. Kenako mphuno inatseguka. Munthu amene kwa zaka zonsezi sanaonepo vuto ndi bini ya zinyalala anayamba kuitulutsa yekha, nkhope atakwinya. Tsiku lina anandifunsa ngati ndasintha sopo, chonsecho ndi yemwe uja ndakhala ndikusambira chikwatiwire. Ananenanso kuti ndiwo zanga zimachuluka mchere. Ndinawakumbutsa amene ankakuwa kuti mulibe mchere.

Ndiye chifuwa chija chinaleka, wotchi yanga n'kufa. Ankangotulukira pakhomo madzi ndisanatereke. Tsiku lina anandipeza ndili pafoni ndi akulu anga tikuwadya miseche, ndipo anaima kumbuyo kwanga mpaka nkhani inatha.

Bondo langa silinachire. Adokotala anati lifunika opaleshoni, ndipo ndikatuluka ndisayerekeze kukwera masitepe kwa kanthawi ndithu. Akulu anga, amene amakhala m'nyumba yopanda masitepe ndipo sanawakondepo alamu awo, anaona mwayi.

"Ubwere kwathu," anatero. "Ndipo usafulumire kubwerera. Ukuganiza kuti asiyadi? Madzi saiwala khwawa, mng'ono wanga."

Ndinawatsutsa, koma mawuwo anandikhala. Chifukwa masiku omwewo bambo anali atayamba kufika mochedwa, malaya ali chonyowa ndi thukuta, chingamu chili m'kamwa. Moni ankapereka akudutsa, molunjika kubafa. Ine ndili ndi njira yanga yogwirira wosuta: ndimanunkhiza zala ziwiri za kumanja ndi ndevu za pamlomo. Koma munthu akatuluka m'bafa umanunkhiza chiyani?

Amene anathira mafuta pamoto ndi a Telala, mayi wosoka zovala amene khomo lake lili pakati pa masitepe. Makina awo ali pafupi ndi chitseko, ndipo makutu awo amasoka kuposa singano. Anabwera kudzandiona bondo, anakhala, anamwa tiyi, kenako anatsitsa mawu.

"Anzanga, ine si wa mabodza, mukundidziwa."

"Nenani."

"A Chumuni akaweruka sabwera kuno mwachindunji. Amakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Ndipo sakhala okha."

"Mwawaona ndi ndani?"

"Kuona sindinaone, ndingatsegule bwanji chitseko? Koma ndimamva. Amati, 'Gwiritsani, mayi, tatsala pang'ono.' Dzulo anati, 'Koma ndiye mwanenepatu.' Mkaziyo sayankha, ndi wochenjera."

Ndinaseka kuti a Telala asaone kanthu. Kunena zoona, za mkazi sizinandiopse kwenikweni. Mkazi ali ndi tsitsi, umadziwa pomugwira. Ine ndinkaopa kuti mkaziyo ndi amene akuwayatsira machesi, kuti chingamu ndi kusamba kuja n'kubisa utsi, kuti mluzu uja ubwerera m'chifuwa ndipo ine ndiyenera kusunga mawu anga n'kulongedza. Sindinkafuna kupita kwa akulu anga. Ndinkafuna nyumba yanga, ndi mwamuna wanga wamakani ali moyo.

Tsiku lotsatira dzuwa litapendeka ndinadzikoka ndi ndodo, n'kukakhala pa sitepe ya pamwamba, pamene munthu wokwera sakuona mpaka atakhota. Ndinadikira. Anadutsa ana a sukulu, anadutsa mayi wina ndi dengu la zochapa. Kenako ndinamva mapazi olemera, oponda pang'onopang'ono, ndi mawu amene ndimawadziwa ngakhale m'tulo.

"Musandikanyange pakhosi, mayi. Eya, choncho. Mukuona, pano ndi pamene tinagwera tsiku lija. Lero tikungodutsa."

Ndinagwira ndodo ngati chibonga. Mawu anayandikira, akufotokoza za nyumba imene akupenta, ati mwini wake wasankha mtundu wonga mankhwala a chifuwa. Ndiye anatulukira pokhotera pa m'munsi mwanga. Kumsana anabereka thumba la mchenga, atalimanga ndi chinsalu chothimbirira chimene amayala pansi popenta.

Atandiona anaima. Ine ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana thumba.

"Mkazi mnzanga ndi ameneyu?" ndinafunsa.

Anatsitsa thumbalo mosamala ngati lili ndi bondo lopweteka, n'kukhala pa sitepe. Ankapuma mwamphamvu, inde, koma mpweya unkalowa ndi kutuluka popanda phokoso.

"Ndimafuna mudzaone tsiku lomwelo," anatero. "Sindikufuna mupite kwa alamu. Komanso sindikufuna kudzanyamulanso nsapato."

"Nanga kulankhula nokha ngati wamisala?"

"Anamwino aja anati ukamakwera uku ukulankhula, mawu osaduka, ndiye kuti chifuwa chayamba kugwira. Poyamba ndinkangoti 'gwi', mpweya n'kutha. Pano ndimamaliza nkhani."

"Bweretsani dzanja."

Anatambasula la kumanja osafunsa, amadziwa. Ndinanunkhiza zala ziwiri zija. Ndinawakoka kolala n'kununkhiza ndevu. Thukuta, penti, fumbi la mchenga, chingamu. Ndinabwereza, kuopa kuti mphuno yanga ikundikomera mtima. Munalibe utsi ngakhale wa dzana. Mtima umene unali m'mwamba sabata yonse unatsika n'kukhala m'malo mwake.

"Musaganize kuti chibaba chinatha," anatero akuyang'ana pansi. "Chimabwera, makamaka ndikaweruka, anzanga akayatsa. Chikandigwira ndimathamangira uyu. Pofika pamwamba chimakhala chapita."

"Ndiye mchengawu munayeza bwanji kuti ndi ine?"

Apa anakanda kumutu. "Ndinapempha wometa. Paja ndi iye akudziwa kulemera kwanu. Ananyamula thumba n'kunena kuti, 'Onjezerani.' Ndinaonjezera. Ananyamulanso, ati, 'Onjezerani ndithu.'"

Ndinawamenya ndi ndodo paphewa, osati mwamphamvu. Pansi ndinamva chitseko cha a Telala chikutsekeka pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti pofika mawa nyumba yonse ikhala itamva kuti chibwenzi cha a Chumuni n'cha mchenga.

Tsiku lotuluka m'chipatala akulu anga anabwera ndi galimoto, chipinda atakonza kale kwawo. Ndinawauza kuti akandisiye kwanga. Anang'ung'udza njira yonse, ati ndikagwa ndisawaimbire foni. Titafika, wometa anatuluka akupukuta manja, munthu atamusiya pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

"Pitirizani kumeta, achimwene," anatero amuna anga. "Katunduyu ndi wanga."

Anagwada, ndinakwera. Anadzuka bwinobwino, mwendo wanga womangidwa uli tambalale kumbali, n'kuyamba masitepe. Makomo anatseguka monga tsiku lija. Iwo ankangolankhula, za penti, za mtengo wa maburashi, za wometa amene ati ananama chifukwa thumba linali lopepuka. Sindinkamva zonse. Ndinali nditagunditsa khutu pamsana pawo, kufunafuna mluzu uja. Tinadutsa pamene tinagwera, tinadutsa khomo la a Telala. M'chifuwamo munkangomveka mpweya ndi mtima ukugunda ngati wa munthu amene ali pantchito.

Pokhotera pomaliza anaima pang'ono, ine n'kuchita mantha.

"Mwatopa?"

"Ayi. Ndikudikira alamu."

Akulu anga anali m'munsi, atagwira chitsulo cha m'mbali, ali wefuwefu, ndodo zanga kukhwapa, nsapato zanga m'manja.

Anandikhazika pampando wa pafupi ndi zenera, anandiikira pilo pansi pa mwendo, n'kulowa kukhitchini kukatereka madzi. Ndinamva mluzu, mtima n'kudumpha. Kenako ndinazindikira kuti ukuchokera pamilomo, ndipo uli ndi nyimbo. Ndinalira, osabisa, mpaka anasuzumira ali ndi makapu m'manja n'kufunsa ngati bondo layamba kupweteka.

"Ayi," ndinatero. "Imbani."