Thimitsani Kaye Piyanoyo

Sitolo ya zoimbira inali pamwamba pa ogulitsa matayala. Masitepe opapatiza, fungo la labala mpaka pakhomo. Dalaivala wa basi anakwera akuwefuka. Anafika msanga dala. Mwana wake wamkazi anati amupeza komweko akaweruka kusukulu, ndipo iye ankafuna nkhani ithe mwanayo asanafike.

"Bambo, takulandirani. Gitala? Ng'oma?" anatero wogulitsa, mayi wa magalasi pamphumi, akutafuna chingamu.

"Piyano. Ya mwana."

"Wamng'ono bwanji?"

"Wandiposa kale msinkhu."

Kunyumba kunali kiyibodi yakale, makiyi opepuka ngati choseweretsa. Ena ankati ukawadina osabwerera. Mphunzitsi anali atanena poyera kuti zala za mtsikanayo zakula, zikufuna makiyi olemera ngati a piyano yeniyeni.

Koma panali china chimene mphunzitsi sankachidziwa. Dalaivalayo anali asanamvepo mwana wake akuimba. Zaka zonse ankayendetsa basi za usiku, mzinda uno mzinda uwo, masana n'kumagona. Mkazi wake anagulira mwanayo mahedifoni. "Bambo ako akugona." Tsopano anamusinthira ku basi za masana, koma mahedifoni sanachoke m'makutu. Anapemphapo kamodzi kuti amve nyimbo imodzi. "Sinapse, Adadi," anayankha mtsikanayo, n'kutseka chitseko. Chaka chamawa akupita kukoleji, mzinda wina.

Chomwe bamboyo ankamva ndi kugunda kwa makiyi kudutsa khoma. Gu, gu-gu, gu. Ankagona chagada n'kumamvetsera. Nyimbo zonse ankazidziwa choncho, yothamanga, yotsimphina, ina yobwerezabwereza pamalo amodzi ngati injini yokana kulira.

Wogulitsa anamuonetsa piyano ziwiri. Yoyamba yakuda, ya kabati, zopondera zitatu pansi. Yachiwiri yopyapyala, yokhazikidwa pa miyendo yachitsulo. Anaziliza zonse, nyimbo imodzimodzi, mutu uli gwedegwede.

"Mwamva kusiyana kwake?"

"Thimitsani kaye."

"Pepani?"

"Muzithimitse zonse. Kenako muimbe."

Mayiyo anatsitsa magalasi, n'kumuyang'ana bwinobwino. "Bambo, piyano yamagetsi yothimitsa ndi tebulo."

"Tebulo lomwelo."

Dalaivalayo analowa m'kachipinda kosungira katundu, pakati pa makatoni, nakankha chitseko. Anatsamira khutu pathabwa.

"Yambani yakudayo!"

Gu, gu-gu, gu. Momveka bwino, mpaka m'mano. Mtima unakhala pansi.

"Inayo!"

Zii. Anadikira. Kenako kaphokoso kakutali, ngati mphaka akuyenda pa matiresi.

Anatuluka akusasa fumbi paphewa. Wogulitsa anali akumwetulira, dzanja lili pa yopyapyalayo.

"Mwaona? Iyi ndiye yatsopano. Makiyi olemera koma ofatsa. Aneba sadziwa n'komwe kuti muli ndi piyano. Yakudayi anthu amaidandaula, imagogoda."

"Ndikufuna yogogodayo."

"Mwayambana ndi aneba?"

Asanayankhe, masitepe analira. Mtsikanayo analowa, chikwama paphewa limodzi, thukuta pamphuno.

"Mwayamba kale popanda ine?"

"Ndimangoona, Kondakitala." Linali dzina la paubwana, la masiku amene ankamutenga pa basi n'kumamupatsa matikiti akutha kuti aziseweretsa.

"Adadi, pagulu ayi."

Mtsikanayo anakhala pa yakudayo. Maso anayendayenda, napeza mahedifoni a m'sitolo ali pa msomali. Anawavala osaganiza n'komwe, monga mmene munthu amamangira lamba akalowa m'galimoto. Wogulitsa anayatsa. Zala zinatsika. Gu, gu-gu, gu. Dalaivalayo anaizindikira pomwepo, inali yotsimphina ija. Anayang'ana kumbali kuti nkhope isamuulule.

Mtsikanayo anazula chingwe, nasamukira pa inayo. Anawerama, nafufuza bowo kunsi, nalumikiza, nayatsa. Anayamba.

Zala zinkayenda. Mapewa anatsika. Mlomo unatseguka pang'ono, ngati wa mwana wogona. Nkhope imeneyi bambo ake anali asanaionepo. Anaima pafupi, pafupi kwambiri, koma sanamve kanthu. Kunja wina ankakhoma tayala ndi chitsulo. Basi.

Anaganiza za nyumba yawo. Khoma lomwe lija, bedi lomwe lija, mwana ali kuseri, koma zii. Miyezi yotsalayo yonse, zii.

"Iyi," anatero mtsikanayo, akutsitsira mahedifoni m'khosi. "Adadi, iyi. Imandimvera."

"Yakudayo ndi yolimba. Taona kabati yake."

"Kabati ndiziimba?"

"Ili ndi zopondera zitatu."

"Iyinso tingailumikize chopondera," analowererapo wogulitsa.

"Miyendo yakeyo ndi yowonda. Idzagwa."

"Adadi, yakudayo ikugunda ngati basi yanu pa mabampu."

"Nanga ine ndizimva chiyani?"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza kuposa mmene ankafunira. Wogulitsa analeka kutafuna. Anapita kukakonza magitala amene anali okonzeka kale.

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mumamvetsera?"

"Khoma lake ndi lopyapyala."

"Zonse? Ndi polakwitsa pomwe?"

"Sindidziwa kuti polakwitsa ndi pati. Ndimangomva kugunda."

Mtsikanayo anatembenukira ku makiyi. Anadina imodzi, naisiya, naidinanso. Dalaivalayo anagwira m'thumba, natulutsa dzanja lopanda kanthu. Anafuna kunena kuti zisiye, tenga yomwe waikonda.

Dzanja la mtsikanayo linalowa kunsi kwa piyano, pomwe analumikiza chingwe paja. Linakhala komweko, likusisita.

"Ili ndi mabowo awiri," anatero, osadzutsa mutu. "Anti, muli ndi mahedifoni ena?"

Wogulitsa anabwera nawo, akale, chinkhupule cha khutu limodzi chitang'ambika. Chingwe chake chinali chachifupi. Dalaivalayo anayesa kuimirira, chinakoka. Anayesa kuwerama, msana unakana.

"Khalani pansi," anatero mwanayo. "Koma musandiyang'ane. Mukandiyang'ana ndisiya."

Anakhala pa simenti, buluku lake la kuntchito lomwelo, msana atatsamira mwendo wachitsulo. Kutsogolo kwake kunali mzere wa magitala ndi ndowa yokolopera. Anavala. Phokoso la matayala linazimiririka. Munali kamphepo chabe, sii, ngati wailesi isanagwire siteshoni.

Kenako liwu loyamba linalowa, lakuya, kukhutu lakumanzere. Lina linayankha kumanja. Sanadziwe kuti manja awiri amalankhulana chonchi, lina kufunsa, lina kuzengereza. Nyimboyo inkapita pang'onopang'ono, yachisoni kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadabwa kuti mwana wa m'nyumba mwake anazitenga kuti zimenezi.

Wogulitsa anabwera kutsogolo kwake, milomo ikuyenda. Ankafunsa kuti akulunge iti.

Dalaivalayo anakweza dzanja. Dikirani. Chitsulo cha kumsana kwake chinkanjenjemera pang'ono, ndipo khosi linkamuyabwa kufuna kucheuka. Anayang'anitsitsa ndowa ija.