Mchombo wa Mwana wa Nobuhle

Mwana wa Nobuhle anabadwa bwinobwino, zimenezo aliyense wa m'layini mwathu ku Nkulumane akhoza kukuuzani. Kanali kamwana kakamuna, konenepa, tsitsi lakuda bii, kolira mokweza moti a Febby a nyumba yoyandikana anati ameneyu akadzakula adzakhala woitanira anthu pa kombi, minibasi za kuno.

Nobuhle ndi Mndebele wa ku Tsholotsho, ndipo anakwatiwa ndi Laston, mwana wa anaMbewe. Banja la a Laston ndi la ku Malawi. Agogo ake anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Belmont, osabwereranso. AnaMbewe anabadwira konkuno, ku Malawiko sanapondeko n'kamodzi komwe, koma mukawamva akunena kuti "kwathu timatere" mungayese atsika basi ya ku Dedza dzulo.

Nobuhle anayesetsa, inu. Chichewa anaphunzira, kugwada ankagwada, chitenje ankamanga ngakhale pokagula buledi. Koma azimayi akakhala pakhonde ankanong'onezanabe kuti Laston anasiya ana a kwawo n'kukatola munthu wosadziwa mwambo. Iye ankamva zonsezo, pakuti mpanda wa kwa anaMbewe ndi wa waya.

Tsiku lotuluka ku kiliniki, asisita anamukhazika pansi. Anakweza kamalaya ka mwana n'kumuonetsa mchombo, utapanidwa ndi kapulasitiki.

"Ili ndi bala, mama, ndipo likadali lotseguka," anatero asisitawo m'Chindebele. "Kuli tizilombo tosaoneka ndi maso, timati mabakiteriya. Timakhala m'manja, m'dothi, m'madzi akuda. Tikalowera apa timaswana mpaka kukafika m'magazi. Musanagwire apa, sambani m'manja ndi sopo. Muzipukuta ndi thonje ndi sipiriti, thewera muzilipinda m'munsi kuti pazipita mphepo. China chilichonse osapakapo. Pakafiira, pakayamba kununkha, kaya mwana akakana bere, mubwere naye nthawi yomweyo."

Nobuhle anavomera, yebo sisita, yebo sisita, n'kuika kabotolo ka sipiriti m'chikwama.

Kufika kunyumba anapeza apongozi ake akonza kale chikuta. Kwa amene simudziwa, chikuta ndiye kuti mayi ndi khanda amabindikira m'chipinda mpaka mchombo utagwa. Mwana satuluka panja, dzina sapatsidwa, ndipo bambo ake salowamo ngakhale kusuzumira kokha.

Vuto linali pamenepo. Laston amagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni, ndipo abwana ake anangomupatsa masiku owerengeka. Anafika ndi mabulangete, tizipewa, beseni la buluu, koma anangofikira pa sofa. Galimoto ya malayitsha, ija imanyamula anthu ndi katundu kupita ku Joni, inali yoti inyamuka Lamlungu, ndipo akaiphonya ntchito yatha.

Ndiye munthu wamkulu, ndevu pepeya, ankakhala pansi pakhomo la chipinda n'kumacheza ndi chitseko.

"Buhle, wafanana ndi ndani?"

"Mphuno ndi yanu. Mumupepese."

"Iwe! Mphuno imeneyi ndi imene inakugwetsa m'chikondi."

"Hayi, ine ndinagwa ndi nsapato zija, kenako ndinamva kuti zinali zobwereka."

Ankaseka onse awiri mpaka anaMbewe kukuwa ali kukhitchini kuti chitseko chimenecho chisatseguke.

Masiku ankapita, mchombo uli gwa. Unkauma pang'onopang'ono monga mmene michombo imachitira, koma anaMbewe ankaona ngati ukuchita dala. Lachitatu anaitana a Febby, amene makolo awo anachokera ku Chipata, kuti adzaone.

"Ndi sipiritiyu," anatero a Febby atasuzumira. "Amaziziritsa. Kwathu amayi ankati amapakapo mwaye wa kudenga la khitchini, mawa lake wagwa."

"Ine ndimakumbuka phulusa," anatero anaMbewe.

"Mwaye, phulusa, zonse ndi ana a moto."

Koma mwaye mungaupeze kuti m'nyumba ya malata yophikira pa getsi? Chimene chinalipo ndi malo aja kuseri kwa nyumba, pamene amakolezapo moto magetsi akazima. Pamenepo m'pomwenso madzi a m'suweji amadutsa paipi ikaphulika, ndipo nkhuku za a Febby zimagona pompo masana. AnaMbewe anapala phulusa lakale ndi supuni, dothi lina n'kubwera nalo limodzi, anaika m'kachivindikiro n'kudonthezera madzi.

Madziwonso ndinene. Sabata imeneyo mipopi inali youma, mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Madzi anali a m'zidebe, osungidwa ngati shuga. Pakhomo la chikuta anaikapo beseni limodzi loti azimayi obwera kudzaona mwana azisambamo m'manja. Madzi ake anali omwewo kuyambira m'mawa. Wochokera kumsika ankaviika momwemo, wochokera kuchimbudzi momwemo, wosintha thewera momwemo, n'kupukutira thaulo limodzi. Aliyense ankalowa mtima uli mbee kuti wasamba.

Nobuhle ataona kachivindikiro kaja anamukumbatira mwana.

"Mama, asisita anati tisapakepo chilichonse."

"Asisita akowo ndi amene anabereka Laston?"

"Ayi mama, koma anati pali tizilombo…"

"Tizilombo uli kutiona iwe? Phulusa lachokera pamoto, makoti, mpongozi wanga. Kachilombo kanji kokhala pamoto?"

"Koma mwalitola pansi, mama."

AnaMbewe anakhala pabedi n'kutsitsa mawu. "Tamvera, mwana wanga. Mwamuna wako akupita Lamlungu. Kubweranso ndi pa Khirisimasi, mwinanso ayi. Ukufuna apite asanamunyamule mwana wake? Asanamve fungo lake? Mwamuna amakumbukira chimene wanyamula m'manja. Akakapeza wina kumeneko womunyamulitsa wake, usadzabwere kudzandilirira."

Mawu amenewo anamulasa Nobuhle. Paja mphekesera zinalipo kale, ati Laston ku Joniko ali ndi kamtsikana komuchapira. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, amene anazibweretsa ndi mkazi wa dalaivala wa malayitsha, ndipo iyeyo pakamwa pake sipatsekeka. Nobuhle anali atazimva. Anayang'ana chitseko, kunja Laston akuimba mluzu potsuka nsapato. Kenako anamasula manja.

AnaMbewe anaviika chala m'phulusa muja n'kupaka mozungulira, pansi penipeni pa mchombo pamene panali pakadali pachinyezi. Anaphimba ndi thewera, ati mphepo isalowe. Kabotolo ka sipiriti anakatenga n'kukakaika pamwamba pa kabati.

M'mawa mwake pamimba pa mwana panali patafiira. Nobuhle anaonetsa apongozi ake.

"Ukupsa umenewo," anatero anaMbewe mokondwa. "Watsala pang'ono." Anapakanso lina.

Lachisanu kufiira kuja kunali kutakula ngati chikhatho, khungu litatupa, lolimba, lotentha. Pansi pa mchombo pankatuluka mafinya, ndipo Nobuhle akamasula thewera fungo linkamubweza. Mwana analira tsiku lonse, kulira kwina kosakhala kwa njala. Akamupatsa bere ankangoyamwa kawiri n'kulavula.

"Mama, ngiyacela, ndapota nanu, tipite naye ku kiliniki."

"Mwana wa m'chikuta? Ukakwere naye kombi?" AnaMbewe anagwira pakamwa. "Mmene muja mumadzaza anthu otentha? Ukufuna undiphere mdzukulu?"

Anthu otentha ndi aja achokera kogona ndi amuna awo kapena akazi awo. Akuluakulu amati oterowo akayandikira khanda la m'chikuta limatupa n'kufa. AnaMbewe ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, ndipo mantha awo sanali ochita kupanga. Mdzukulu ankamukonda, zimenezo palibe angatsutse. Ankamuimbira, matewera ankachapa okha ndi timadzi tawo tomwe akanasamba.

Nobuhle anapita pachitseko n'kunong'oneza. "Baba, mwana sali bwino. Thupi latentha."

Laston mwanayo anali asanamuone, ndiye akanadziwa bwanji? "Amayi akuti bwanji?"

"Akuti ukupsa."

"Amayi alera ana, Buhle. Ife tonse tinadutsa m'manja mwawo. Tidikire mawa."

Nobuhle anabwerera pabedi. Anaganiza zongomubereka mwana kumbuyo n'kutulukira khomo la kukhitchini. Anafika pomanga ndi chitenje chomwe. Koma anaona m'maganizo mwake azimayi a pakhonde akumuloza, uyo Mndebele uja watulutsa mwana m'chikuta, ndipo akangodwala pang'ono adzati wapha ndi iyeyo. Anamasulanso chitenje chija.

Loweruka m'mawa mchombo unagwa. Sunagwe mouma ngati ya ana ena, unachita kusomphoka, wonyowa, pansi pake pali bala lofiira la mafinya. Koma kugwa unagwa. AnaMbewe analuluta mpaka a Febby anadumpha mpanda wa waya chitenje chili m'manja.

"Mwaona? Ndinanena ine! Sipiriti akanatifikitsa chaka chamawa!"

Anamusambitsa mwana, kumuveka kachipewa ka ku Joni, n'kutuluka naye pabalaza. Dzina anamupatsa la malemu agogo ake, Griffin. Laston anatambasula manja n'kumulandira.

Mwana sankaliranso. Anali lende, maso otseka, kupuma mofulumira ngati kambalame.

"Bwanji ali zii chonchi?" anafunsa Laston.

"Watopa ndi kulira kwa dzulo," anatero a Febby. "Komanso wamva manja a bambo ake. Ana amadziwa."

"Wofatsa ngati mwini dzina," anatero anaMbewe, koma anamugwira pamphumi kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo dzanja linakhalitsa.

Laston anajambulitsa chithunzi n'kuchiika pa foni kuti anzake aone. Ambirife tinachiona. Iye akuseka mano onse panja, mwana atagona pachifuwa pake. Kumbuyo kukuoneka Nobuhle ataima pakhomo la chipinda, osaseka.

Tsiku limenelo alendo sanathe, wina kutuluka wina kulowa, aliyense kufuna kunyamula Griffin. Nobuhle ankafinyira mkaka m'supuni n'kumudonthezera pakamwa, koma unkangotsikira m'tsaya. Atanenanso za kiliniki, anaMbewe anati alendo angatione bwanji, tipita mawa bambo ake akanyamuka.

Lamlungu galimoto ya malayitsha inaimba hutala dzuwa lisanakwere. Laston anapsompsona mwana pachipewa, nati kwa mkazi wake, "Upite naye lero, wamva? Undiuze." Galimoto isanakhote n'komwe pakona, Nobuhle anali atabereka mwana. Sanapemphe munthu. AnaMbewe anangotenga chikwama cha matewera n'kumutsatira, osanena kanthu za anthu otentha ngakhale kombi inali yodzaza mpaka pakhomo.

Ku kiliniki anapeza asisita ena. Atangomasula thewera anaitana ambulansi. Mimba ya Griffin inali itatupa, kufiira kuja kutafika mpaka m'nthiti, ndipo thupi silinali lotenthanso. Linali lozizira.

Ku chipatala chachikulu anamuika m'kabedi kagalasi. Anavutika kupeza mtsempha, mpaka diripi anakamubaya pamutu, pamene anameta tsitsi lake lija. Adokotala, mayi wamng'ono wa maso otopa, anawapeza pabenchi.

"Pamchombopo munapakapo chiyani?"

Nobuhle anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi anaMbewe, mawu ali pang'onopang'ono. "Phulusa, dokotala. Ndine. Kodi phulusa limapha?"

"Si phulusa lokha, gogo. Ndi zimene zinali m'menemo, ndi m'madzi, ndi m'manja. Tizilombo tinalowera pabalapo, tinaswana, tsopano tili m'magazi monse. Khanda lilibe mphamvu zolimbana nato. Tamupatsa mankhwala opha tizilomboto, amphamvu kwambiri amene tili nawo." Anapuma. "Panayamba kufiira liti?"

"Lachinayi," anatero Nobuhle.

Adokotala sanakalipe. Anangogwedeza mutu n'kubwerera m'kati, ndipo Nobuhle akuti bola akanamutukwana.

Griffin anamwalira Lolemba masana.

Pano m'layini mwathu nkhani zili mbwee. A Febby akuuza aliyense kuti mwana anali bwino mpaka pamene anakwera kombi, ndipo ena akuvomera. Ena akuti ndi sipiriti wa masiku oyamba aja. Winanso akuti ndi mtsikana wa ku Joni uja anachita zake. Za beseni palibe akunena, chifukwa aliyense anaviikamo. AnaMbewe satulukanso pakhonde.

Koma tsiku limenelo pabenchi ya chipatala panalibe zonsezo. Panali Nobuhle, malaya atanyowa ndi mkaka kutsogolo konse, ndi apongozi ake atagwira chikwama cha matewera pamiyendo. Nobuhle atayamba kukweza mawu, anaMbewe anamugwira dzanja.

"Usalire mokweza, mwana wanga. Khanda salirira, ungadzatseke mimba." Ankanena zimenezo misozi yawo ikugwera pachikwama.

Nobuhle anameza kulira kuja. Kenako foni yake inalira. Anali Laston, atangofika kumene, pakuti anachedwa pa mzere wa pa boda ku Beitbridge. Panali pasanapezeke womuuza.

"Buhle! Ndafika, mama. Anyamata kuno aona chithunzi, akuti mphuno ndi yabwinobwino, iwe ndiwe wansanje. Munapita ku kiliniki? Anakupatsani mankhwala?"

Nobuhle anayang'ana apongozi ake.

"Halo? Ukundimva? Tamuika foni pakhutu Griffin, ndimulankhule. Halo, Buhle?"