Muyeso wa Manda a Dyton

Adzukulu anafika pabwalo ndi bango m'manja, makasu atawasiya kumanda, n'kuima osadziwa woti amufunse. Manda sakumbidwa popanda muyeso, koma mtembo woti auyeze panalibe.

Panali patatha masiku asanu chibwerere mesenjala wa ku Boma ndi kalata. Dyton, mwana wa a Goliati, ankakweza mabomba m'ndege kunkhondo ya ku Burma. Tsiku lina anamutenga kuti akathandize kuwaponya, ndegeyo n'kuwomberedwa, n'kupsa pamodzi ndi onse amene anali momwemo. Akuluakulu a pamudzi anagwirizana zoika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti maliro athe, anthu amete.

Mkazi wa Dyton, Mervis, ndiye ankakana. Ankati pepala si mtembo. Ankadziwanso kuti thunthulo likangokwiriridwa, poti mwana analibe, amusudzula abwerere kwawo ku Bwanje, nyumba itsale ya makoswe. Masiku onsewo ankangokhala yekha kuseri kwa nyumba, akusankha mbewu ya kachewere imene anali atasankha kale.

A Goliati anatenga bango n'kuloza paphewa pawo. Cosmas, mng'ono wake wa malemuyo, anati ayi, achimwene ankawapitirira bambowo ndi mutu wonse. Anakangana kwa nthawi, nkhalamba ikukumbukira kamnyamata kamene kankaiwetera ng'ombe, mpaka mdzukulu wina wotopa ananena kuti angodula paliponse, nthochi siidandaula.

Mawu amenewo anamubaya Mervis pamtima. Mwamuna wake amuike mongoyerekeza, ngati mlendo wofera panjira? Anasansa dothi pansalu yake n'kutulukira pabwalo.

"Bweretsani bangolo kuno."

"Mukatipatsa muyeso, mayi, ndiye kuti mwavomera," anatero a Goliati motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, bambo."

Mervis anawatengera onse pakhomo la nyumba yake. Khomolo linali lalifupi mochititsa manyazi. Dyton analimanga choncho dala, chifukwa mkazi wake, wokulira kuchigwa kotentha, ankavutika ndi mphepo ya ku Lizulu. Anzake ankamuseka kuti chimunthu chachitali chonchi chikulowa m'nyumba mwake ngati nkhuku, iye n'kumangoseka nawo. M'mawa uliwonse ankatuluka udzu wa denga uli m'tsitsi, n'kuima phee pakhomopo kudikira kuti mkazi wake amuchotse, ngakhale ng'ombe zikulira m'khola.

Mervis anaimika bango patsogolo pake. Anaimira zala za kumapazi, anatambasulira dzanja m'mwamba, zala zikutolatola pamalo popanda kanthu, kenaka anagwira bango pomwepo.

"Dulani apa," anatero, ndipo dzanja sanatsitse mpaka mpeni utadutsa.